MOTO NGWAULERE, KOMA NKHUNI ZIFUNA WOTOLA

Mau a Mulungu: Mateo 10, 5-10 ndi 1 Akorinto 9

Pamene Ambuye Yezu adatuma Apostoli ao khumi ndi awiri kukalalika, adawapatsa malamulo awiri amene, pongowamva, akhala ngati atsutsana. Poyamba adawakumbutsa kuti mphamvu yociza odwala ndi Mthenga umene adausenza sadazigule ndi ndalama, ndipo cifukwa ca ico asayese kuzigulitsa kwa munthu aliyense. Pomwepo adaonjeza kuti asanyamule ndalama kapena thumba la kamba, popeza wogwira nchito ayenera kudyetsedwa ndi anthu amene awatumikira. Lamulo loyamba liletsa kuika mtengo pa mphatso. Laciwiri liletsa kuti wonyamula mphatsoyo agone ndi njala. Eklezia wasinkhasinkha malamulo awiriwa zaka pafupifupi 2,000 osapezapo kutsutsana, cifukwa loyamba lilankhula kwa wopatsa, laciwiri kwa wolandira.

Funso lomweli labukanso masiku ano pa malo amene makolo sakadawaganizira, ndiwo pakati pa anthu olemba mapulogalamu a kompyuta. Ena a iwo adasankha kupereka nchito ya manja ao kwa dziko lonse popanda mtengo, ndipo dziko lidalandira ndi manja awiri. Koma tsopano ambiri a opatsawo atopa, ena asauka, ena atseka pakhomo pamene adalonjeza kuti padzakhala potsegula. Wina anganene kuti nkhani imeneyi nja ku Ulaya ndi ku America, yosakhudza mkristu wa kumudzi. Komatu foni ya Android imene iri m'thumba mwa mphunzitsi iyenda ndi pulogalamu yotere, ndiponso ciwerengero ca odwala malungo pa cipatala ca boma cifika ku likulu kudzera m'pulogalamu yotere. Wakudya za m'munda ayenera kudziwa wolima, ndi kufunsa ngati wolimayo wadya.

MOTO WOPALA

Pulogalamu ndi mndandanda wa malangizo amene munthu alembera kompyuta kuti icite cakuti ndi cakuti. Makampani ambiri agulitsa pulogalamu monga sing'anga agulitsa mankhwala: wogula alandira ufa wosinja kale, koma dzina la mtengo ndi malo ake sauzidwa. Mankhwalawo akalephera, sangathe kuwakonza yekha, kapena kupempha mnansi kuti amkonzere. Ayenera kubwerera kwa mwini cinsinsi ndi ndalama zina.

Amene adakana mcitidwe umenewu ndi mau amphamvu ndiye Richard Stallman, yemwe ankagwira nchito pa sukulu yaikulu ya MIT ku America. M'caka ca 1983 adalengeza nchito yochedwa GNU, yolemba mapulogalamu amene malangizo ao onse adzakhala poyera. Ciphunzitso cake cikhazikika pa maufulu anai: munthu agwiritse nchito pulogalamu monga afunira, aiwerenge ndi kuisintha, aigawire anzake, agawirenso anzake zimene wasinthazo. M'caka ca 1989 adalemba cilolezo ca GPL, cimene cimanga aliyense wosintha pulogalamu ndi kuigawira ena kuti awapatse ufulu womwewo umene iye adaulandira. M'caka ca 1991 Linus Torvalds, mnyamata wa zaka 21 wophunzira ku Helsinki m'dziko la Finland, adayamba kulemba Linux, ndipo caka cotsatira adaiika pansi pa cilolezo comweco. Kuyambira 2017 makompyuta onse 500 amphamvu koposa pa dziko lapansi ayenda ndi Linux, ndipo Linux yomweyo ndiyo mtima wa mafoni a Android. Kuyambira 1998 ambiri achula mapulogalamu otere ndi mau a Cingerezi akuti open source, ndiko kunena kuti gwero lake nlotsegula.

Makolo adacidziwa kale cinthu ca mtundu umenewu. Mai akadzuka m'mawa napeza moto wazima, atuma mwana kukapala moto kwa mnansi, ndipo palibe mnansi amene alipiritsa khala la moto, cifukwa moto wake sucepa ngakhale apalepo anthu khumi. Pulogalamu iri cimodzimodzi. Thumba la cimanga likagawidwa licepa, koma pulogalamu ingakoperedwe kwa anthu zikwi zikwi, woilemba nkukhalabe nayo yathunthu. Augustino Woyera, episkopi wa ku Hippo, adaphunzitsa ca m'ma 397 kuti kuumira cinthu cimene sicitha pogawa ndiko kusadziwa kukhala naco. Iye ankanena za nzeru yakumvetsa Malembo Oyera, koma maganizo akewo akwanira bwino pano.

Pali liu limodzi limene lasokoneza ambiri. M'Cingerezi liu lakuti free litanthauza zinthu ziwiri, pamene Cicewa ciri ndi mau awiri osiyana, ufulu ndi ulere. Stallman ankamenyera ufulu. Ulere sadaulamule ai, pakuti iye mwini, atasiya nchito ku MIT, ankatumiza pulogalamu yake ya Emacs pa matepi kwa oifuna pa mtengo wa madola 150, kuti apeze cakudya. Koma popeza aliyense wolandira ali ndi mphamvu yakugawira ena, mtengo wa pulogalamuyo utsika msanga kufikira utatheratu. Motero ufulu ubala ulere, ndipo apa mpamene bvuto liyambira.

WOTOLA NKHUNI

Moto ngwaulere, koma suyaka wokha. Ngati mudzi wonse upala moto pa nyumba imodzi, ndiye kuti alipo wina amene adzuka mbandakuca kupita ku thengo, nabwera ndi mtolo pamutu. Pulogalamu nayonso ifuna woisonkhezera. Makompyuta asintha caka ndi caka, zolakwa zibisala m'malangizo, akuba afunafuna mipata usana ndi usiku; tsono payenera kukhala munthu woyankha makalata a odandaula, wowerenga zimene ena atumiza, ndi womata ming'alu. Nchito yolemba pulogalamu yatsopano iri ndi cimwemwe ndi ulemu wake. Nchito yosamalira yakale njotopetsa, njosatha, ndipo anthu aikumbuka pokhapokha zinthu zikaonongeka.

Pa 7 April 2014 dziko lidadzidzimuka pomva za mng'alu wochedwa Heartbleed m'pulogalamu ya OpenSSL. Pulogalamu imeneyi ndiyo loko wa pa intaneti, wobisa mau acinsinsi ndi manambala a kubanki kuti akuba asawaone. Ndipo makompyuta pafupifupi 500,000 osunga masamba a pa intaneti adapezeka ali pambalambanda. Anthu atafunsa za osunga loko ameneyu, adamva zocititsa manyazi. Zopereka zaufulu zinkafika madola pafupifupi 2,000 okha pa caka. Munthu wogwirapo nchito tsiku lonse adali mmodzi yekha, otsalawo ankathandiza pa nthawi yotsalira, akudzidyetsa ndi maganyu ena. Mabanki, maboma ndi makampani a cuma cosawerengeka ankagona tulo podalira mlonda amene sadamdyetse. Manyazi atawagwira, makampani monga Google, IBM, Microsoft ndi Amazon adalonjeza iriyonse madola 100,000 pa caka kwa zaka zitatu, kuti athandize mapulogalamu otere kudzera m'bungwe la Linux Foundation. Adacita bwino, koma adakumbuka mlonda khomo litathyoka kale.

Patapita zaka khumi padaoneka cina coopsa koposa. Pali pulogalamu yaing'ono, dzina lake XZ Utils, yopanikiza zolembedwa kuti zicepe, imene ipezeka m'makompyuta ambiri a Linux. Woisamalira adali munthu mmodzi, pa nthawi yake yopuma, wopanda malipiro. Iye atatopa ndi kufooka, anthu osadziwika adayamba kumlembera makalata omdzudzula kuti nchito siiyenda, pamene wina wodzichula Jia Tan ankadzionetsa ngati mthandizi wokhulupirika. Zaka ziwiri adathandiza mofatsa, kufikira atapatsidwa makiyi. Pamenepo adabisa m'pulogalamumo khomo lacinsinsi lolowera m'makompyuta a eni. Ciwembuco cidaululika pa 29 March 2024, tsiku la Lacisanu Loyera, cifukwa katswiri wina wa ku Microsoft, Andres Freund, adadabwa kuona kuti kulowa m'kompyuta yake kwacedwa ndi theka la sekondi, nafufuza mpaka kupeza gwero. Akadangonyalanyaza, khomolo likadafalikira ku makompyuta osawerengeka pa dziko lonse. Fisi adapeza mpata m'khola cifukwa eni ziweto adamsiya mbusa yekha, ndi njala ndi tulo.

NGONGOLE IMENE BWALO SILIZENGA

Apa mkristu ayenera kusiyanitsa bwino, kuti asanamizire munthu. Kampani imene itenga pulogalamu yotsegula siiba, cifukwa cilolezo cinena poyera kuti aliyense atenge. Palibe pangano la nchito pakati pa iyo ndi wolembayo, ndipo palibe bwalo la milandu limene lingailipiritse. Koma pamene lamulo la boma lilekezera, cikumbumtima cipitirira.

Malamulo a Mose, m'buku la Levitiko mutu 19, adaletsa eni minda kukolola mpaka m'mphepete, kuti amphawi ndi alendo apeze pokunkha. Ndipo Rute, mkazi wamasiye, adakunkha m'munda wa Boazi wopanda mlandu. Momwemonso wophunzira wosauka, sukulu ya kumudzi, cipatala caumphawi, atenge mapulogalamu otsegula ndi mtima wodekha, pakuti adaperekedwa cifukwa ca otere. Koma mwini cuma akafika ndi ngolo khumi kudzakunkha m'munda wa wosauka, nakagulitsa ku msika osabwezako ngakhale licero limodzi, angathe kunena zoona kuti lamulo lamlola. Komabe mudzi wonse udziwa dzina la mcitidwe umenewo, ndipo Mulungu alidziwanso.

Paulo Woyera, polembera Akorinto, adakumbutsa lamulo lakale loletsa kumanga ng'ombe pakamwa pamene ipuntha tirigu, nafotokoza kuti lamulolo lidalembedwera anthu, kuti wolima ndi wopuntha agwire nchito ali ndi ciyembekezo cakudyako. Yakobo Woyera, m'mutu 5 wa kalata yake, acenjeza olemera za malipiro amene adamana okolola m'minda yao, ndipo aphunzitsi onse adziwa kuti katekisimu aika ucimo umenewu pakati pa macimo amene kulira kwake kufika kumwamba. M'caka ca 1891 Apapa Leo XIII, m'kalata ya Rerum Novarum, adaphunzitsa kuti kubvomera kwa wanchito sikuyeretsa malipiro osakwanira moyo, cifukwa pamwamba pa mapangano a anthu pali cilungamo ca cilengedwe. Nzoona kuti wolemba pulogalamu mwa kufuna kwake si waganyu wa kampani, ndipo kunena kuti kampaniyo yamba malipiro kungakhale kupyola coona. Koma mzimu wa ciphunzitsoci ngwomveka: munthu asalemere ndi thukuta la mnzake nkumabisala kuseri kwa pepala. Apapa Benedikto XVI, m'kalata ya Caritas in Veritate ya m'caka ca 2009, adaonjeza kuti mtima wakupatsa mwaulere uyenera kupeza malo m'kati mwenimweni mwa malonda, osati kudikira kunja kwa msika. Ndipo Apapa Leo XIV, atasankhidwa m'caka ca 2025, adafotokoza kuti adatenga dzina limenelo pokumbukira Leo XIII, cifukwa makina atsopano a nzeru zopanga abweretsanso mafunso akale a nchito, ulemu wa munthu ndi cilungamo.

MAYESERO A KUTSEKA PAKHOMO

Wotola nkhuni akatopa, maganizo oyamba kumfikira ndiwo akutseka citseko. Kampani ya Elastic idalemba pulogalamu yofufuzira yochedwa Elasticsearch, niipereka poyera. Pambuyo pake idadandaula kuti Amazon itenga pulogalamuyo ndi kuibwereketsa kwa anthu m'makompyuta ake akuluakulu, phindu nkumapita kwa wobwereketsa, zolipira olemba nkumatsala kwa mwini. M'mwezi wa January 2021 Elastic idasintha cilolezo, kuti ena asacite malonda otere. Koma zimene zidaperekedwa kale poyera sizikadalandidwanso. Tsono Amazon idatenga malangizo akalewo niyamba pulogalamu yakeyake, OpenSearch. Kampani ya Redis idacita cimodzimodzi m'mwezi wa March 2024, ndipo pasadathe milungu iwiri ena a othandiza ake akale adayamba Valkey pansi pa Linux Foundation, mothandizidwa ndi Amazon, Google ndi Oracle. Potsiriza makampani onse awiri adatsegulanso: Elastic m'mwezi wa August 2024, Redis m'mwezi wa May 2025, onse poonjeza cilolezo ca AGPL, cimene cimanga ngakhale wobwereketsa pa intaneti kuti aonetse poyera zimene wasintha. Koma mudzi udali utagawikana kale, ndipo madzi akatayika saoleka.

Mlandu umenewu ufuna kuweruza mosakondera. Dandaulo la makampani awiriwa lidali ndi maziko, pakuti anchito ao adali ndi mabanja ofuna kudya. Ndiponso pulogalamu si sakramenti; kuigulitsa si ucimo wa Simoni wamatsenga uja, amene adafuna kugula mphamvu ya Mzimu Woyera ndi ndalama. Munthu ali ndi ufulu wakugulitsa nchito ya mutu wake monga mmisiri agulitsa mpando. Colakwa ciri pena. Anthu ambiri adathandiza mapulogalamu amenewa osalipidwa, kukonza zolakwa ndi kuphunzitsa ena, cifukwa adauzidwa kuti motowo ngwa onse. M'buku la Nchito za Apostoli mutu 5, Petro Woyera sadadzudzule Ananiya cifukwa cakusunga gawo la ndalama, popeza munda ndi mtengo wake zidali m'manja mwake. Adamdzudzula cifukwa cakuonetsa ngati wapereka zonse. Kampani imene inena poyera kuyambira tsiku loyamba kuti gawo ili nla onse, gawo ilo nlogulitsa, iyenda m'coona. Koma imene iitana anthu ndi mau akuti zonse nzaulere kufikira itachuka, kenaka nkusintha mau, isewera ndi cikhulupiriro ca anthu, cimene ciri cuma covuta kucibweza.

NJIRA ZITATU ZODYETSERA WANCHITO

Kodi tsono pali njira yakuti moto ukhale wa onse, wotola nkhuni nayenso nkudya? Zaka 40 zapitazi zaonetsa njira zitatu, ndipo zonse zitatu Eklezia adaziyenda kale.

Njira yoyamba ndiyo kugulitsa nchito ya manja, mphatso nkukhalabe mphatso. Ku Korinto Paulo Woyera ankasoka mahema pamodzi ndi Akwila ndi Prisila, kuti Mthenga Wabwino ufike kwa anthu wopanda mtengo. Kampani ya Red Hat ya ku North Carolina idatsata nzeru yofanana nayo: malangizo a Linux nga onse, koma banki kapena boma lofuna munthu woyesa pulogalamuyo, woikonza zaka zambiri ndi woyankha ikabvuta usiku, lilipira caka ndi caka. M'caka ca 2012 Red Hat idakhala kampani yoyamba ya mapulogalamu otsegula kupeza madola oposa biliyoni imodzi pa caka, ndipo m'caka ca 2019 IBM idaigula pa madola 34 biliyoni. Lero ambiri a olemba Linux ndi anchito olipidwa ndi makampani monga Intel, Google ndi Red Hat, amene adazindikira kuti kusonkhezera moto wa onse ndiko kudziothetsa okha. Komabe njira imeneyi iri ndi poterera pake: m'mwezi wa June 2023 Red Hat idacepetsa mipata yopezera malangizo a Linux yake kwa anthu osalipira, ndipo ambiri adadandaula kuti yasunga malemba a cilolezo koma yafooketsa mzimu wake. Benedikto Woyera, m'mutu 57 wa Malamulo ake, adalola amisiri a ku nyumba ya amonaki kugulitsa zopanga zao, koma adalamula kuti mtengo ukhale wotsikirako kuposa wa anthu akunja, kuti umbombo usalowe mozemba. Malonda ngololedwa, koma afuna mlonda pa mtima wa wamalonda.

Njira yaciwiri ndiyo copereka ca olandira. Luka Woyera, m'mutu 8, achula amai amene ankathandiza Ambuye ndi Apostoli ndi cuma cao, ndipo Paulo yemwe uja, amene sadalemetse Akorinto, adalandira ndi cithokozo mphatso za Afilipi. M'caka ca 2002 kampani ya ku Netherlands imene inkasunga Blender, pulogalamu yopangira zithunzi ndi makanema a zojambula, idagwa ndi ngongole, ndipo pulogalamuyo idatsala pang'ono kufera m'manja mwa eni ndalama. Woiyambitsa, Ton Roosendaal, adapempha oigwiritsa nchito kuti aiombole. M'milungu 7 yokha adasonkha mayuro 100,000, ndipo pa 13 October 2002 Blender idaperekedwa kwa dziko lonse pansi pa cilolezo ca GPL. Mpaka lero anthu wamba ndi makampani asonkha mwezi ndi mwezi m'thumba limene lilipira olemba ake ku Amsterdam. M'caka ca 2025 kanema wa ku Latvia wochedwa Flow, wopangidwa ndi Blender, adalandira mphotho ya Oscar, kupambana makanema a makampani akuluakulu a ku America. Pano mwambi wa makolo wapherezeka, wakuti kupatsa nkuika.

Njira yacitatu ndiyo nkhokwe ya onse, monga akristu oyamba ankaika zopereka pamodzi kuti Apostoli agawire osowa. Pulogalamu ya DHIS2, imene mizu yake iri ku South Africa m'zaka za m'ma 1990, isamalidwa pa Yunivesite ya Oslo ndi thandizo la boma la Norway ndi mabungwe ena a zaumoyo, ndipo maiko oposa 70, pamodzi ndi Malawi, aigwiritsa nchito posonkhanitsa ciwerengero ca odwala, ca katemera ndi ca amai oyembekezera. M'caka ca 2022 boma la Germany lidakhazikitsa thumba lochedwa Sovereign Tech Fund, lolipira osamalira mapulogalamu amene onse adalira, monga momwe boma lilipirira okonza miseu ndi milatho. Ubwino wa njira imeneyi ngwakuti wosauka salipira. Kuopsa kwake nkwakuti wothandiza wakutali akasintha maganizo, moto uzima m'nyumba ya wolandira. Cifukwa ca ico dziko lolandira licita mwanzeru likaphunzitsa ana ake kusamalira pulogalamuyo, ndi kuwalipira, kuti likhale nalo gawo pa mtolo wa nkhuni.

CAULERE CIMENE CIDALIPIRIDWA

Palibe njira mwa zitatuzi imene iri yangwiro, ndipo mapulogalamu ambiri asakaniza ziwiri kapena zonse. Koma zonse zigwirizana pa cinthu cimodzi: mphatso ikhala yotsegula pokhapokha wolandira akasenza gawo lake. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono mwini kampani amene cuma cake cayima pa mapulogalamu otsegula adzifunse pamaso pa Mulungu kuti osamalira ake ndani, ndipo wawapatsa ciani caka cino, ndalama kapena nthawi ya anchito ake. Mnyamata kapena mtsikana amene Mulungu wampatsa luso lolemba mapulogalamu apatse mokondwa, koma asacite manyazi kuchula mtengo wa nchito yake kwa amene ali naco colipira, pakuti banja lake ndilo mnansi wake woyamba. Ndipo akatopa anene poyera, afune omthandiza odziwika bwino, asadikire kuti fisi amfikire atabvala cikopa ca nkhosa. Wogwiritsa nchito wamba, amene alibe ndalama, ali nazo zina zopereka: kuuza olemba za colakwa mwaulemu, kumasulira pulogalamu m'cinenero cake, kuphunzitsa mnzake, ndi kuthokoza. Asalembere wopatsa kalata yaukali ngati bwana wolamula wanchito amene sadamlipire.

Ndipo mkristu amene sadakhudzepo kompyuta asaganize kuti mau awa amlambalala. M'mudzi uliwonse alipo wotola nkhuni wa moto wa onse: mphunzitsi woyenda mtunda wautali kukatsogolera mapemphero a Lamulungu ndi kuika maliro, mai wosamalira odwala a m'mphakati, bambo wokonza mjigo umene onse atungapo. Ciphunzitso sacigula, madzi sawagula. Koma mtulo ndi zosonkha za pa mjigo zidaikidwa kuti anthu amenewa asafooke. Woti zaulere zisafunse kanthu kwa iye wamva lamulo loyamba la Ambuye, limene lidapatsidwa kwa wina, nkutseka khutu ku laciwiri, limene liri lakelake.

Eklezia achula mphatso yaikulu koposa zonse ndi liu lomweli lakuti caulere, ndico moyo wa Mulungu umene munthu aulandira pa ubatizo wopanda comuyenereza. Koma mkristu aliyense adziwa kumene caulereco cidacokera. Kwa wolandira cidafika copanda mtengo. Kwa Wopatsa cidadya thukuta la ku Getsemani ndi misomali ya pa Kalvario. Palibe caulere pansi pano cimene wina sadacilipirire. Wozindikira zimenezi saleka kulandira, koma alandira mwa njira ina: afunsa dzina la wopatsa, ayang'ana mtolo umene uli pamutu pake, naikapo dzanja.

Mulungu Atate, gwero la mphatso zonse, adalitse onse amene apereka nzeru zao kwa anzao mosaumira. Afewetse mitima ya olemera amene akolola pamene sadabzale. Ndipo aphunzitse anthu ake kupatsa mwaufulu ndi kulandira mwacilungamo, mwa Kristu Ambuye. Amen.